Kutchuka kwa mphunzitsi wa nyimbo sikuteteza mwana

Makolo ambiri amakhulupirira kuti mwana angachitiridwe nkhanza ndi munthu wachilendo basi, ndipo kuti mphunzitsi wa nyimbo wodziwika, amene aliyense amamupatsa ulemu, sangachite zotere. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo zimene zinachitika kusukulu ya nyimbo ya Chetham's School of Music mumzinda wa Manchester ku Britain zikuonetsa chifukwa chake.

Michael Brewer, yemwe anali mkulu woyang'anira nyimbo pasukuluyi, anapezeka wolakwa mu 2013 pa mlandu wochitira nkhanza za kugonana mtsikana amene ankaphunzira pasukuluyi zaka zoposa 30 m'mbuyomo, ndipo anamulamula kukhala m'ndende zaka 6. Chopweteka kwambiri n'chakuti mu 1994 anamulola kusiya ntchito mwakachetechete zitadziwika kuti anali paubwenzi ndi wophunzira wina, ndipo anapitiriza kutsogolera kwaya ya achinyamata ya dziko lonse, mpaka analandira ulemu wa dziko la Britain wotchedwa OBE mu 1995.

Vuto lagona m'kaphunzitsidwe komweko. Mwana amakhala yekha ndi mphunzitsi m'chipinda chotseka, mphunzitsiyo amamugwira dzanja kapena phewa pomuwongolera, komanso ndiye amasankha woimba patsogolo, choncho mwana amaopa kuti akaulula ataya tsogolo lake. N'chifukwa chake masukulu ambiri a nyimbo ku Britain masiku ano amaika magalasi pazitseko, amafuna kuti mphunzitsi apemphe kaye asanagwire mwana, ndiponso amaletsa kulemberana mauthenga amseri pafoni, ngakhale mphunzitsiyo akhale wotchuka chotani.