Opaleshoni yochepetsa chifu: nanga magazi akayamba kutayika?

Sabata yatha mayi wina anandipeza kuno ku Kasungu atanyamula mapepala a mchemwali wawo amene akupita ku India kukachepetsa chifu, thupi lakula kwambiri, shuga ndi BP sizikutsika. Funso lawo linali limodzi basi, "adokotala, sakatha magazi kumeneko?"

Pa opaleshoni imene amati sleeve amachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, chotsalacho nkuchitseka ndi timasitepulo tambirimbiri. Mzere wa timasitepuloto ndi umene umatha kuchucha magazi makamaka tsiku loyamba ndi lachiwiri. Amene zimawachitikira ndi ochepa, koma zikatero munthu amafunika kumuonjezera magazi mwinanso kubwerera naye ku fiyeta.

Ndiye madokotala ena amabayiratu mankhwala ochepetsa kutaya magazi otchedwa tranexamic acid. Si achilendo ai, ndi omwe aja timapereka ku matenite mayi akamataya magazi atabereka, 1 gram mumtsempha pang'onopang'ono. Anatulukira ku Japan mu 1962. Kagwiridwe kake nkotere, pabala magazi amagwirana nkutseka pomwe pakuchucha, koma thupi lomwelo lilinso ndi njira yosungunulira magazi ogwiranawo, mankhwalawa amangoletsa kusungunulako kuti chotsekacho chikhale kaye mpaka bala ligwire.

Povuta ndi apa. Munthu wonenepa kwambiri akagona pabedi magazi sachedwa kuundana m'miyendo nkuthawira kumapapo, nchifukwa chake amabayidwanso Clexane, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndi kudzutsidwa kuti ayende tsiku lomwelo. Asanabaye tranexamic acid dotolo amayenera kuyeza mbali zonse ziwiri, kutaya magazi ndi kuundana kwa magazi, ndiye ngati munaundanapo magazi, mumagwa khunyu kapena impso zimavuta, nenani musanalowe, osabisa chonde.

Koma ine chimandidetsa nkhawa kwenikweni ndi munthu akabwerera kumudzi. Pamimba pakupweteka, wina wachifundo wathamangira pagolosale kukagula brufen kapena aspirin, mwinanso diclofenac. Mankhwala amenewa amakanda chifu komanso amafooketsa kugwirana kwa magazi, pachifu chosokedwa kumene ndi oopsa zedi. Panado ali bwino, ndipo omeprazole wochepetsa asidi m'chifu amene akupatsaniyo imwani mpaka masiku onse akwane.

Mayi aja ndinawalembera kuseri kwa pepala lawo: chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi, chizungulire, mtima kuthamanga munthu atangokhala. Chimodzi chokha chikaoneka asadikire kuti kuche, abwere naye kuchipatala ndi mapepala onse a opaleshoni, chifukwa pakafunika kumutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa pa M1 uja umadya pafupifupi maola awiri.