vnStat ikasiya kuwerenga data, funsani kuti ikulemba m'dzina la ndani

Maofesi ang'onoang'ono ambiri amadalira intaneti ya bandulo, ndipo mwezi usanathe pamayamba kulozana zala kuti data yathera kuti. N'chifukwa chake amisiri a makompyuta amakonda kuika vnStat pa kompyuta ya Linux imene intaneti ya ofesi yonse imadutsirapo. Anailemba ndi Teemu Toivola wa ku Finland. Ndi yaulere, ndi yopepuka moti ngakhale kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kamainyamula bwinobwino, ndipo sisuzumira zimene anthu akutumizirana. Imangotenga manambala amene Linux imawerengera kale, a data yolowa ndi yotuluka, n'kumawasunga kuti mudzaone za ola, za tsiku ndi za mwezi. Mukaiika pa laputopu ya munthu mmodzi idzawerenga za laputopu yokhayo, osati za ofesi yonse. Izi anthu amaiwala kawirikawiri.

Madandaulo amene amabwera ndi awiri. Ena amati manambala anaima, akungoonetsa za sabata yatha. Ena amati zonse zimayenda, koma kompyuta ikazima n'kuyakanso palibe chikuwerengedwa mpaka munthu ataidzutsa pamanja. Mavutowa amaoneka osiyana, koma nthawi zambiri gwero lake ndi limodzi: amene akukonza amayesa zinthu m'dzina lake kapena la root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa Linux), pomwe pulogalamuyo imagwira ntchito m'dzina lina.

Choyamba dziwani kuti vnStat ndi mapulogalamu awiri. Imene mumaiitana polemba `vnstat` ntchito yake yaikulu ndi kukuonetsani zimene zasungidwa. Yosunga ndi ina, `vnstatd`, imene imagwira ntchito kuseri usana ndi usiku popanda woiyang'ana. Pulogalamu zoterezi pa Linux zimatchedwa daemon. Kuyambira vnStat 2.0, imene inatuluka mu 2018, zonse zimalembedwa m'fayilo imodzi ya database (nkhokwe ya manambalawo) yoyendetsedwa ndi pulogalamu ya SQLite, `/var/lib/vnstat/vnstat.db`. Kale waya uliwonse wa netiweki unali ndi fayilo yakeyake m'foda yomweyo, choncho malangizo ambiri akale amene mungawapeze pa intaneti sagwirizana ndi zimene muli nazo lero. Lembani `vnstat --version` musanatsatire malangizo a munthu aliyense.

Tsono `vnstat` ikhoza kumakuonetsani tebulo lokongola pamene `vnstatd` inafa kalekale. Yang'anani tsiku ndi nthawi imene database inalembedwa komaliza.

Pa Linux pulogalamu iliyonse imayenda pansi pa akaunti inayake, ndipo fayilo iliyonse ili ndi mwini wake ndi gulu lake. Pa Debian ndi Ubuntu, mukaika vnStat pamapangidwa akaunti yapadera yotchedwa vnstat, yopanda mphamvu zina kupatula kulemba m'foda yake. Cholinga n'chakuti pulogalamuyo itasokonekera isathe kuononga china chilichonse pa kompyuta. Kuti muone akaunti imene ikugwiritsidwa ntchito kwa inu, lembani `ps -o user,cmd -C vnstatd` ngati pulogalamuyo ikuyenda. Ngati siikuyenda, `systemctl cat vnstat` ikuonetsani mzere wa `User=`, kapena muyang'ane `DaemonUser` m'fayilo ya `/etc/vnstat.conf`. M'fayilo imeneyi mzere woyamba ndi `#` kapena `;` sugwira ntchito, ndi ndemanga chabe. Alipo ambiri amene amasintha nambala pamzere wotero n'kumadabwa kuti palibe chasintha.

Mukadziwa akauntiyo, onani mwini wa fayilo ndi `ls -la /var/lib/vnstat`. Ngati pa `vnstat.db` palembedwa root root, vuto mwalipeza. Zimafika pamenepa m'njira zodziwika. Wina anayesa kudzutsa pulogalamuyo pamanja ndi `sudo vnstatd -d` (`sudo` amayendetsa lamulo m'dzina la root) database isanapangidwe, ndiye fayilo inabadwa ili ya root. Wina anakopera database kuchokera pa kompyuta yakale ndi `sudo cp`, ndipo fayilo yatsopano yopangidwa motero imakhala ya root. Palinso njira yachitatu yozembera: disiki sisunga dzina la mwini, imasunga nambala. Mukachotsa disiki pa kompyuta ina n'kuilumikiza pa ina, nambala imene kumeneko inali ya vnstat kuno ikhoza kukhala ya akaunti ina, kapena yopanda mwini. Mukaona nambala pamalo pamene pamayenera kukhala dzina, ndiye zimenezo.

Zikatero, mu `journalctl -u vnstat -b`, imene imaonetsa mauthenga a pulogalamuyo, mumapezeka mawu a SQLite akuti "attempt to write a readonly database" kapena "unable to open database file". Kukonza kwake n'kwachidule. Imitsani pulogalamu ndi `sudo systemctl stop vnstat`, bwezerani umwini ndi `sudo chown -R vnstat:vnstat /var/lib/vnstat`, kenako idzutseninso.

Pali chinthu china chimene chimazunguza ngakhale amisiri odziwa ntchito. Munthu amakonza fayiloyo, aionetsetsa kuti ndi ya vnstat ndipo ili ndi chilolezo cholemba, koma uthenga wa vuto osachoka. Chifukwa chake chili m'kagwiridwe ntchito ka SQLite, imene D. Richard Hipp anaiyamba mu 2000. Isanasinthe kalikonse mu database, imayamba yapanga kafayilo kena pambali, `vnstat.db-journal`, momwe imasungamo mmene zinthu zinalili, kuti ntchito ikadukira panjira ithe kubwerera pamene inayambira. Zili ngati wogulitsa mugolosale amene asanafufute ngongole ya munthu m'kaundula amayamba wakopera nambala yakaleyo pa kapepala, kuti akasokonezedwa asataye zonse ziwiri. Kupanga fayilo yatsopano sikudalira chilolezo cha `vnstat.db`. Kumadalira chilolezo cha foda imene fayiloyo ikukhalamo. Ndiye ngati foda ndi ya root, pulogalamu ili ndi ufulu wolemba m'database koma ilibe poika kafayilo kake, ndipo SQLite imakana kupitiriza. Lamulo la `ls -ld /var/lib/vnstat` limaonetsa za foda yeniyeniyo, osati za m'kati mwake.

Manambala a zilolezo ndi osavuta: 4 ndi kuwerenga, 2 ndi kulemba, 1 ndi kuyendetsa fayilo kapena kulowa m'foda. Amaphatikizidwa, ndipo amalembedwa atatu, ya mwini, ya gulu ndi ya ena onse. Foda ya vnStat imakwanira ndi 755, fayilo ndi 644: mwini yekha alembe, ena onse awerenge. Chilolezo cholowa chimafunika pa foda iliyonse ya m'njira, kuyambira `/var` mpaka kumapeto, ndipo `namei -l /var/lib/vnstat/vnstat.db` imakuyalirani zonse pamodzi kuti muone pamene patsekeka.

Mudzamva ena akuti ingolembani `chmod 777` zithe. Zimathadi, koma ine sindivomereza. Mwatsegulira akaunti iliyonse pa kompyutayo kuti isinthe kapena kufufuta manambala amene mukufuna kudzawagwiritsa ntchito pokambirana ndi abwana kapena ndi kampani yogulitsa intaneti. Komanso mwini wolakwika uja akadali pomwepo, mwangomuphimba. Chimodzimodzi kuyendetsa pulogalamu yonse ngati root pofuna kuthawa vuto la chilolezo.

Njira yodalirika yoyesera ndi kuvala dzina la pulogalamuyo. Lembani `sudo -u vnstat touch /var/lib/vnstat/yesa`. Fayilo ikapangika, foda ili bwino, ndipo muifufute. Ikakanika, mwaona ndi maso anu zimene `vnstatd` ikukumana nazo. Kuyesa ndi `sudo` yekha sikuuzani kanthu, chifukwa root sakanizidwa ndi zilolezo za mtunduwu.

Tibwere ku vuto lachiwiri, la kusadzuka yokha. Pa Linux zambiri za masiku ano, ntchito yodzutsa mapulogalamu a kuseri ili m'manja mwa systemd, imene Debian inayamba kuigwiritsa ntchito mu Debian 8 ndipo Ubuntu mu 15.04, zonse mu 2015. Ili ndi mawu awiri amene anthu amawasokoneza. `start` imadzutsa pulogalamu panopa basi. `enable` imailembetsa kuti izidzuka nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Debian ndi Ubuntu zimachita zonse ziwiri zokha mukangoika vnStat, koma pa Fedora ndi Arch muyenera kuchita nokha. `sudo systemctl enable --now vnstat` imagwira ntchito ziwirizo nthawi imodzi, ndipo `systemctl is-enabled vnstat` imakuyankhani ndi liwu limodzi.

Amene amatsitsa vnStat n'kuimanga okha, kenako n'kudzilembera fayilo ya service (youza systemd mmene idzutsire pulogalamu), amagwa m'mbuna ina. `vnstatd` ili ndi njira ziwiri zoyambira. Ndi `-d` imabala inzake imene imapitiriza ntchito kuseri, yoyambayo n'kutuluka. Umu ndi mmene zinkachitikira kale. Ndi `-n` imakhala pomwepo osachoka. Munthu amaganiza kuti poti akufuna izigwira ntchito kuseri, `-d` ndiye yoyenera. Koma systemd, ikapanda kuuzidwa zina, imayang'anira pulogalamu imene yaidzutsa yokhayo. Ikaona yatuluka imati ntchito yatha, n'kupha ndi inzake yotsalayo. Mukafunsa `systemctl status vnstat` mumapeza "inactive (dead)" popanda uthenga uliwonse wa vuto, zomwe zimasowetsa munthu pogwira. Pansi pa systemd gwiritsani `-n`, za kuseri muisiyire systemd yomweyo. Mukasintha fayilo ya service musaiwale `sudo systemctl daemon-reload`, apo ayi idzapitiriza kutsatira yakale.

Kulemba `vnstatd -n &` mu terminal si kudzutsa kuseri kwenikweni. Mukatseka SSH (njira yolowera mu kompyuta muli patali) pulogalamuyo nthawi zambiri imapita nanu, ndipo kompyuta ikazima sibwereranso.

Manambala amene `systemctl status` imaonetsa ndi othandiza mukawadziwa. `203/EXEC` akutanthauza kuti systemd yalephera kuyendetsa pulogalamu imene mwaiuza, kawirikawiri chifukwa mwalemba `/usr/sbin/vnstatd` pomwe yomanga nokha inakakhala ku `/usr/local/sbin`. `217/USER` akutanthauza kuti akaunti ya pa `User=` palibe. Pulogalamu ikagwa n'kudzutsidwa kangapo m'masekondi ochepa, systemd imasiya kuyesa, ndipo mukakonza vutolo mungafunike `sudo systemctl reset-failed vnstat` kuti ivomere kuyambanso.

Nthawi zina umwini uli bwino, zilolezo zili bwino, kuyesa kwa `sudo -u vnstat` kwatheka, koma pulogalamu ikadzutsidwa ndi systemd ikulepherabe kulemba. Apa werenganinso `systemctl cat vnstat`. Mukapeza `ProtectSystem=strict`, dziwani kuti systemd imaionetsa pulogalamuyo disiki yonse ngati yongowerenga, kupatula mafoda ochepa ololedwa monga a pa `StateDirectory=`. Izi zimaluma amene asamutsira database kwina, tinene ku disiki ya USB pofuna kupeputsa memori khadi ya Raspberry Pi. Asintha `DatabaseDir` mu `/etc/vnstat.conf`, achita `chown` moyenera, koma systemd sinauzidwe. Lembani `sudo systemctl edit vnstat`, muike `[Service]` ndipo pansi pake `ReadWritePaths=` ndi njira ya foda yatsopanoyo. Muonjezenso `RequiresMountsFor=` ndi njira yomweyo pansi pa `[Unit]`, kuti pulogalamu isadzuke disiki ya USB isanalumikizidwe.

`StateDirectory=` ili ndi khalidwe lake loyenera kulidziwa. Ikapeza foda ili ndi mwini wolakwika, systemd imakonza yokha foda ndi zonse za m'kati. Koma ikapeza foda yeniyeniyo ili ndi mwini woyenera, siyang'ananso m'kati. Ndiye fayilo ya root ikhoza kukhala m'foda ya vnstat miyezi ndi miyezi osakonzedwa.

Pa Fedora, Rocky Linux ndi zina za banja la Red Hat pali mlonda winanso, SELinux, amene amaika chizindikiro chake pa fayilo iliyonse. Fayilo yosamutsidwa ndi `mv` imabwera ndi chizindikiro cha kumene yachokera. `sudo restorecon -Rv /var/lib/vnstat` imabwezeretsa choyenera. Kuzimitsiratu SELinux chifukwa cha fayilo imodzi n'kupitirira muyeso.

Kwathu kuno sitingasiye nkhani ya magetsi. Akathima mwadzidzidzi kompyuta ili pakati polemba, zinthu ziwiri zikhoza kuchitika. Linux ikapeza zolakwika pa disiki kapena pa memori khadi, ikhoza kuitseka kuti izingowerengedwa pofuna kuteteza zotsala. Zikatero ngakhale root salemba, ndipo `chown` imayankha kuti "Read-only file system". Limeneli si vuto la chilolezo. Onani mauthenga a Linux ndi `dmesg`, muyendetse `fsck` yokonza disiki disikiyo isanalumikizidwe, ndipo ngati ndi memori khadi imene yabwereza khalidweli, gulani ina. Chachiwiri, mukhoza kupeza `vnstat.db-journal` itatsala m'foda. Musaifufute poganiza kuti ndi zinyalala. M'menemo ndi mmene muli zofunika kuti SQLite ibweze database pamalo pake, ndipo imachita yokha ikangotsegulidwa ndi akaunti yokhala ndi chilolezo cholemba. Mukaichotsa mukhoza kuononga database yonse. Ngati mukukayika, imitsani pulogalamu, koperani foda yonse kwina, muyese kopeyo ndi `sqlite3 vnstat.db "PRAGMA integrity_check;"`. Ikayankha "ok" ndiye kuti ili bwino. Muonenso `df -h`, poti disiki yodzaza nayo imaimitsa kulemba.

Mukamaliza kukonza musafulumire kuweruza. `vnstatd` imasunga manambala m'mutu n'kumawalemba pa disiki mphindi 5 zilizonse, pokhapokha mutasintha `SaveInterval`. Pa database yatsopano, `vnstat` imayamba yanena kuti ilibe data yokwanira, ndipo si vuto. Zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso dala, osadzutsa kalikonse pamanja, mudikire mphindi 10, kenako muone ngati nthawi ya pa `vnstat.db` yasuntha. Ngati yasuntha koma manambala ali pa ziro, yerekezani `vnstat --iflist` ndi dzina la waya limene lili mu database. Database yochokera pa kompyuta yakale ikhoza kumadikira `eth0` pomwe yatsopano imautcha waya womwewo `enp3s0`. Lamulo la `vnstat --add -i enp3s0`, loyendetsedwa ndi `sudo -u vnstat`, limauonjezera pamndandanda wa owerengedwa.