Maphunziro apamwamba a za ubongo: ntchito yagona pa kuyeza

Amene wamaliza digiri yoyamba ya biology, psychology, zachipatala kapena masamu n'kufuna kuzama pa za ubongo, kawirikawiri amaganiza kuti akukawerenga mabuku ambiri. Mabuku alipo ndithu. Koma pa masters ndi PhD chimene amakuphunzitsani makamaka ndi kuyeza chinthu chomwe wina sanachiyezepo, n'kuonetsa kuti zomwe mwapeza sizinangochitika mwamwayi.

Masters imatenga chaka chimodzi kapena ziwiri. PhD ku Britain imatenga zaka 3 kapena 4, pomwe ku United States imafika zaka 5 kapena 6, ndipo kumeneko chaka choyamba wophunzira amazungulira m'malabotale angapo asanasankhe pokhazikika. Kusankhako musakuchite mopupuluma. Mutu wa kafukufuku umasintha m'njira, koma wokuyang'anirani mukhala naye zaka zonsezo. Funsani ophunzira ake iye kulibe: amakumana nawo kangati pamwezi, omwe anamaliza zinawatengera zaka zingati, ndipo ndalama zoyendetsera labotaleyo zitha liti.

Luso la manja limadya miyezi. Tengani patch clamp, njira yomvetsera magetsi a selo limodzi la ubongo, yomwe Erwin Neher ndi Bert Sakmann analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1991. Ubongo wa mbewa umachotsedwa mwachangu n'kuikidwa m'madzi ozizira kwambiri okhala ndi mchere ndi shuga. Makina otchedwa vibratome amaucheka tizidutswa topyapyala, tokhuthala pafupifupi mamaikulomita 300 (mamaikulomita 1,000 amapanga milimita imodzi), ndipo tizidutswato timakhala ndi moyo maola ochepa chabe m'madzi omwe akupoperedwa mpweya wa 95 peresenti okosijeni ndi 5 peresenti carbon dioxide. Kenako, mukuyang'ana pa maikulosikopu, mumatsitsa kachubu kagalasi kansonga yaing'ono ngati maikulomita imodzi mpaka kakhudze khungu la selo, n'kuyamwa pang'ono kuti kamatirire. Kamatirira bwino pokhapokha mita ikaonetsa kupitirira gigaohm imodzi, muyeso woonetsa kuti magetsi sakudontha pomwe kachubu kakhudza selo. Kafumbi kamodzi pansonga kamaononga zonse. Mukachedwa pochotsa ubongo, maselo amatupa n'kufa musanayambe. Tebulo likagwedera, kachubu kamang'amba selo. Ndiye wophunzira watsopano akatha masabata osapeza selo labwino ngakhale limodzi, sikuti ndi wogona. Manja amayenera kuzolowera.

Komatu vuto lalikulu silikhala pa manja. Lili pa kuwerengera. Tinene kuti mwayeza maselo 40 ochokera ku mbewa zitatu zopatsidwa mankhwala, ndi maselo ena 40 ochokera ku mbewa zitatu zosapatsidwa. Ambiri amalemba kuti gulu lililonse lili ndi zoyezedwa 40. Ayi, mbewa ndi zitatu basi. Maselo a mbewa imodzi amafanana chifukwa chibadwa, chakudya ndi tsiku lochekera ndi zimodzi, choncho mbewa imodzi ikakhala yosiyana ndi zinzake, imakokera zotsatira zonse kumbali ndipo mankhwala amaoneka ngati agwira. Mu 2013 Katherine Button ndi anzake ataunika kafukufuku wambiri wa za ubongo anapeza kuti, mwapakatikati, mphamvu yake yozindikira kusiyana kwenikweni inali pafupifupi 21 peresenti yokha, makamaka chifukwa cha kuchepa kwa nyama kapena anthu oyezedwa. N'chifukwa chake chiwerengero cha nyama chiyenera kukonzedwa ntchito isanayambe, ndipo mnzanu abise mayina a magulu kuti poyeza musadziwe mbewa yomwe yalandira mankhwala. Maso amaona chomwe mtima ukufuna, ngakhale a munthu woona mtima.

Ofufuza anthu ndi makina ojambula ubongo otchedwa fMRI nawo ali ndi msampha wawo. Makinawo saona maselo a ubongo otchedwa ma neuron akugwira ntchito. Amaona kusintha kwa okosijeni m'magazi, komwe kumafika pachimake patapita masekondi 4 mpaka 6 maselowo atayamba kugwira ntchito. Munthu akangosuntha mutu mamilimita ochepa, zithunzi zimasokonekera. Ndipo poti ubongo umagawidwa tizigawo masauzande ambirimbiri, kuyeza kalikonse pakokha osakonza masamu ake kumatulutsa madontho owala omwe satanthauza kanthu. Apa ndi pomwe Python, R kapena MATLAB, zilankhulo za pakompyuta zowerengera masamu, zimakhala zida za tsiku ndi tsiku, ndipo ndi bwino kuziyamba musanalembetse n'komwe.

Nthawi nayo iwerengereni chobwerera m'mbuyo. Musanakhudze nyama kapena munthu, komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku iyenera kuvomereza, ndipo izi zimatha kutenga miyezi. Pa nyama amatsata mfundo zitatu zomwe Russell ndi Burch analemba mu 1959: kupeza njira ina m'malo mwa nyama, kuchepetsa chiwerengero chake, ndi kuchepetsa kuvutika kwake. Mbewa imakhala ndi bere masiku 19 mpaka 21, ana ake amatengedwa ngati akuluakulu pofika masabata 8 kapena kupitirira, ndipo mukakweretsa mbewa ziwiri zomwe iliyonse ili ndi kope limodzi la jini (kachigawo ka chibadwa) yomwe mukufuna, pafupifupi mwana mmodzi yekha mwa anayi ndiye amabadwa ndi makope onse awiri. Kuti mupeze mbewa 10 zoyenera pafunika ana pafupifupi 40 ndi miyezi itatu yodikira, ndipo ngati mukufunanso zazimuna ndi zazikazi mofanana, yambani kukweretsa chilolezo chikangotuluka.