Magalasi a dzuwa si chishango chowotcherera zitsulo

Sabata siitha ku chipinda chathu cha maso osafika mnyamata wogwidwa dzanja ngati wakhungu, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, akuti m'maso muli ngati athiramo mchenga. Ntchito yake sindifunsanso. Ndimangofunsa chomwe anavala dzulo powotcherera, ndipo yankho limakhala lomwelo: "Magalasi akuda, adokotala."

Ndatopa nalo yankho limeneli. Galasi la m'chishango chowotcherera lili ndi nambala yake, ndipo wowotcherera ndi magetsi amafunika la nambala 10 kupita m'mwamba malinga ndi mphamvu ya makina. Magalasi a dzuwa ogula pamsika safika ndi pang'ono pomwe, komanso m'mbali mwake kuwala kumangolowa. Kuwalako kumawaula kakhungu kopyapyala ka pamwamba pa diso, koma ululu subwera pompo. Umadikira maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake ambiri umawadzutsa pakati pa usiku. Ngakhale mwana wogwirizira felemu uja, amene mumangomuuza kuti "tsinzina", amapsa chimodzimodzi. Lamulo la chitetezo pantchito la 1997 likuti zodzitetezera apereke ndi bwana, osati wophunzira ntchito adzigulire yekha.

Kupsa kotereku kumapola pa tsiku limodzi kapena awiri. Chimene chimandisowetsa tulo ndi galayinda, makina osalazira zitsulo aja.

Pali mnyamata wina yemwe mpaka lero samandichoka m'mutu. Ankasalaza mabagalabazi, chishango atachiika pambali poti m'galasi lakuda saona bwino, ndipo magalasi oyera analibe. Kachitsulo kosafika ndi njere ya mpiru kanamuthera pa diso lakuda. Mnzake anayesa kukachotsa ndi kamtengo ka machesi. Kunyumba azakhali ake anamudontheza mkaka wa m'mawere. Mawa lake anagula mankhwala odontheza kwa munthu wina wogulitsa mankhwala pamsika. Kufiira kunachepa ndithu, iye n'kumati wachira. Koma munali dexamethasone, mankhwala amene amabisa kufiira kwinaku chilonda chikunyeka pansi. Chitsulo chikakhala m'diso chimayamba dzimbiri pa maola ochepa chabe. Iye anabwera patatha masiku 6, diso litayera mafinya.

"Adokotala, ndiyambiranso liti ntchito? Ndili ndi mafelemu a eni ake."

Ndinasowa pomuyambira. Akanabwera tsiku lomwelo, inali ntchito ya mphindi zochepa: kudontheza mankhwala oziziritsa diso, kukachotsa kachitsuloko, kupala dzimbiri, basi. Diso lija lero lili ndi chipsera choyera, amangoona nalo kuti kunja kwacha.

Choncho chitsotso cha chitsulo chikakulowani, tsukani ndi madzi oyera, osatikita. Chikakana kuchoka, phimbani diso mupite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti oda ithe. Ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba ndi ku Mzuzu kuli zigawo za maso, ndipo zipatala zambiri za maboma zili ndi wodziwa za maso. Amene akuti akuchotsani ndi lilime, singano kapena madzi a masamba, m'kaneni ngakhale atakhala malume anu.

Ndisanaiwale, inu amene mumamwa mkaka kuti ukutetezeni ku utsi mukawotcherera mapaipi a galavanaizi, okutidwa ndi zinki aja: mkaka umapita m'mimba, utsi wa zinki umapita m'mapapo. Kunjenjemera ndi kuphwanya m'thupi usiku kuja nthawi zina sikukhala malungo, koma utsi womwewo. Tulutsani ntchitoyo pabwalo, mphepo izikankhira utsi kutali ndi nkhope.