Kodi womwa methadone samva ululu?

Pali mphekesera yomwe imamveka ngakhale m'zipatala, yoti munthu amene akumwa methadone pofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo otchedwa heroin sangamve ululu, ndipo akadandaula za msana kapena bondo ndiye kuti akungofuna mankhwala owonjezera. Limeneli ndi bodza, ndipo lazunzitsa odwala ambiri.

Methadone amagwira ntchito ziwiri zotha pa nthawi zosiyana. Chibaba ndi zowawa zobwera munthu akasiya heroin amaziletsa kwa maola 24 kapena kuposerapo. N'chifukwa chake kuyambira m'ma 1960, pamene madokotala Vincent Dole ndi Marie Nyswander ankayesa njira yothandizira anthu ndi methadone ku New York, ku America, odwala amamwa kamodzi patsiku. Koma ululu amauletsa kwa maola 6 mpaka 8 okha. Munthu akamwa m'mawa, pofika madzulo msana uja wayambiranso. Komanso thupi lozolowera mankhwala amtunduwu nthawi zina limamva ululu kwambiri kuposa kale.

Kwa wodwala wotere, madokotala amatha kugawa mlingo wa tsiku lonse kuti aumwe katatu kapena kanayi.

Apa ndiye pofunika kusamala. Methadone amachedwa kutuluka m'thupi, moti amaunjikana kwa masiku angapo. Wodziwonjezera yekha poona kuti ululu wabwerera angathe kusiya kupuma ali m'tulo, makamaka akamwanso mowa kapena mapiritsi ogonetsa monga diazepam. Mlingo woyamba kawirikawiri supitirira mamiligalamu 30, dokotala amaukweza pang'onopang'ono, ndipo milungu iwiri yoyamba ndiyo yoopsa kwambiri.