Madzi odontha mumgodi musawatseke

Thanthwe la pansi pa nthaka si lamphumphu. Lili ndi ming'alu yambirimbiri, ndipo zibenthu zake zimagwirana chifukwa chopanikizana basi. Pa kuya kwa mamita 100, malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi amasenza matani pafupifupi 270 a miyala ya pamwamba. Mukakumba phanga, kulemerako kumalambalala n'kukaunjikana m'makoma, pomwe kumatha kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Kudenga la phanga lotambalala kupanikizana kumachepa, ming'alu imayasama, chibenthu n'kutsala lende.

Madzi amapezerapo mpata. Akadzaza mng'alu mpaka mamita 10 kupita m'mwamba, pansi pake amakankha ndi mphamvu ya matani 10 pa malo a mita imodzi aja, ndipo amakankhira mbali zonse ziwiri, kulekanitsa miyala imene inagwirana. Choopsa china n'chakuti kuyasama kwa mng'alu kukawirikiza kawiri, madzi odutsamo amachuluka ka 8. Akamathamanga amakokolola dongo la mkati, mng'alu n'kukulirakulira. M'dera la malasha la Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, muli miyala yochokera ku matope yomwe ikanyowa, kuuma, n'kunyowanso, imanyenyeka yokha. Kwa okumba golide ku Chifunde ndi Macanga, m'chigawo chomwecho, vuto ndi thanthwe lofumbwa la pafupi ndi pamwamba, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale nthaka itakhuta mvula.

N'chifukwa chake kumata simenti kapena kutsindira nsanza pamene pakudontha n'kudziika m'mavuto. Pakhoma pauma ndithu, koma madzi akuunjikana kuseri ndipo mphamvu yawo ikukwera. Migodi ikuluikulu imapopera simenti mkati mwenimweni mwa thanthwe itayeza kaye. Imeneyo ndi ntchito ina, si kumata pamwamba. Inu boolani mabowo opendekera m'mwamba pang'ono odutsa mng'aluwo, lowetsani mapaipi, madzi atsike m'ngalande kupita kudzenje la pampu. Madzi a pampuyo katayeni kutali, kumunsi, asabwerere m'ming'alu yomweyo. Pakamwa pa mgodi zunguliranipo ngalande yopatutsa madzi a mvula.

Dontho liyang'aneni tsiku ndi tsiku. Madzi oyera akasanduka amatope, mng'alu ukukokoloka. Akachuluka mwadzidzidzi, wayasama. Akasiya mwadzidzidzi mvula ikugwabe, musasangalale: mwala wasuntha kapena dongo latseka njira, ndipo madziwo ali momwemo. Zonsezi zikutanthauza kutulutsa anthu kaye.

Musanayambe ntchito, gogodani denga ndi mgwala wautali mutaima pamalo oyesedwa kale. Mwala wolimba umalira ngwee, wosweka umalira ngati ng'oma. Woterowo ugwetseni, kapena uchirikizeni ndi mizati yokhala ndi mtanda pamwamba. Mzati ukayamba kulira kapena kuthetheka, denga likutsika.

Pafupi ndi migodi yakale yosiyidwa, boolani kabowo kotsogolera mamita angapo musanapitirize kukumba, chifukwa mapanga akale nthawi zambiri amakhala odzaza madzi, ndipo khoma lopyapyala limaphulika osachenjeza.