Mwana akamatopa pa bere, kapimitseni mtima msanga

Pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo pakati pake pali khoma la mnofu lolekanitsa mbali ya kumanja ndi ya kumanzere. Khomali limapangika m'masabata 8 oyambirira a mimba, ndipo likapanda kutsekeka bwino pamatsala bowo. Shuga wa mayi, matenda a rubella (ofanana ndi chikuku) ndi mowa pa nthawi ya mimba zimawonjezera chiopsezo, koma ana ambiri amabadwa nalo popanda kholo lililonse kulakwitsa kanthu.

Chotidandaulitsa n'chakuti mwana akayamba kuonda, pakhomo amati ndi tsempho. Amayamba kulozana zala, kum'mwetsa zitsamba, kumutema mphini pachifuwa, miyezi n'kumapita. Makolo, bowo la mumtima silitsekeka ndi mphini.

Onetsetsani izi: mwana amayamwa pang'ono n'kusiya ali wefuwefu, thukuta lili pachipumi, sikelo yake sikwera, amadwala chibayo pafupipafupi, amapuma mothamanga ngakhale ali mtulo, koposa ka 60 pa mphindi asanakwane miyezi iwiri, kapena ka 50 kuyambira pamenepo mpaka chaka. Milomo ndi lilime zikada ngati zabuluu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Dokotala akamva mkokomo mumtima, amatumiza mwana kukajambulidwa ndi makina a eko, omwe amapezeka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Amagwira ntchito ngati sikani ya amayi oyembekezera. Palibe jakisoni, palibe kucheka. Amapaka mafuta pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo, pafupifupi theka la ola. Pa sikirini pamaoneka pomwe pali bowo, kukula kwake m'mamilimita, kumene magazi akulowera, ndiponso ngati mnofu wa mtima wakhuthala kapena zipinda zafufuma.

Mabowo ang'onoang'ono ambiri amatsekeka okha mwana akamakula, koma wodziwa zimenezo ndi eko, osati kuyang'ana ndi maso. Bowo lalikulu limakankhira magazi ochuluka m'mapapo. Mitsempha ya m'mapapo imayamba kulimba, ndipo ikawonongeka kotheratu opaleshoni sithekanso. Izi zingayambe mwana asanakwane zaka ziwiri. N'chifukwa chake tikubwereza kuti musadikire za tsempho zithe kaye.

Mankhwala ochotsa madzi m'thupi amachepetsa befu koma satseka bowo. Musawasiye chifukwa choti mwana wayamba kusewera. Muyamwitseni pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo buku la kusikelo muzipita nalo paulendo uliwonse wa kuchipatala.